Mpeni Wanga Womezanitsira Mango

Bambo a Noel,

Ndapita ku Msundwe kukabwereka mpeni kwa achemwali anga. Njinga ndatenga, kudimba mupite wapansi.

Kodi anakutumani ndani kunola mpeni wanga wopinda uja? Mpeni womezanitsira mango amanola mbali imodzi yokha. Inayo amaisiya yafulati dala, kuti podulapo pakhale posalala, kanthambi ndi tsinde zigwirane osasiya mpata. Inu mwaukwecha pamwala uku ndi uku ngati wosendera mbuzi. M'mawa muno ndati ndidule, mpeni ukungokhota m'mtengo, kukumba khwawa, khungwa n'kumanyotsoka. Ndawononga mbande zanga zonenepa zija ndisanazindikire kuti padutsa dzanja lanu lothandiza.

Ndikudziwa mumati mundisangalatse. Pepani, sindinasangalale.

Tinthambi ndinadula dzulo tija tili m'chiguduli chonyowa kuseri kwa mtsuko. Muzitiwaza madzi, tisaone dzuwa. Tikafota, ndiye kuti nazale ya chaka chino yapita, ndipo mudzandimva. Noel mumumwetse phala akadzuka.

Mwala wanu wonolera ndapita nawo, ndingadzapeze mwanola ndi masipuni omwe.

Ine Esnart