Foni Yamira, Mayi Ake a Ana Sanamire

Lolemba, 9 Juni

Woyamba kundiuza kuti mawu samira m'madzi ndi Dokotala wa mafoni, mayi uja wa kashopu koyandikana ndi pokwerera mabasi. Ndalemba pano kuti mnzanga Wometa asadzati anayamba ndi iye, poti amakonda kukolola posalima.

Nkhani ili chonchi. Lachisanu ndinaviika thalauza m'ndowa, foni ili m'thumba momwemo. Ndinaikumbukira nditamaliza kumeta ndevu. Ndinaiyanika padzuwa, ndinaipemerera ngati moto, koma zii. Foni payokha sindikanailira. Koma m'menemo munali mayi ake a ana. Asanayambe kudwala, Mzime, mwana wathu wamkazi wotsiriza, anatijambula mawu ine ndikusimba nthano ya mlenje wogontha, iwo akuimba nyimbo ya pakati pake. Mawu awo amene anatsala pansi pano ndi omwewo basi.

Dokotala anaitsegula ndi kachitsulo kochepa ngati chotokosera m'mano, n'kupukusa mutu.

"Agogo, iyi yatisiya. Itanani achibale."

Ndinakhala pa kireti. Nditamuuza za mawuwo anasiya kuseka. Akuti kodi akaunti muli nayo? Ndinati mwana wanga, ine sukulu ndinangoiona podutsa, ndilankhule ngati munthu.

Ndiye anandimasulira, ndipo ndagwira bwinobwino, poti makutu angawa sataya kanthu. Akuti akaunti ndi chipinda chako pa intaneti. Imelo ndi nambala ya pachitseko, pasiwedi ndiye kiyi. Foni ikapeza wayifayi imatha kumakopera zinthu zako n'kumakaika kuchipindako, iwe osadziwa. Kumeneko amati kuapuloda. Malo osungirawo akuti ndi kilaudi, koma kwenikweni ndi makompyuta aakuluakulu ali m'nyumba ina kutali, kouma.

"Kwanu kuli wayifayi?"

Ndinati kwathu ngakhale babu ndi limodzi.

"Nanga mumaswera kuti?"

Kwa Wometa, nanga n'kuti.

Sizinatsimikizike. Koma madzulo ano ndadya n'kumaliza, koyamba chigwereni ngoziyi.

Lachiwiri, 10 Juni

Wometa wavomera. Akuti anandilumikiza yekha chaka chatha. "Ndimati mwina madalawa akhala chete n'kumaonera mavidiyo, makasitomala apumeko. Ndinangotaya nthawi."

Ndinamuyankha kuti makasitomala amabwerera nthano zanga, chifukwa kametedwe kake ndi kolimira m'munda. Amene anali pampando anaseka mpaka makina anamulowa pakhutu.

Wayifayi yake ndi kabokosi kothwanima kali pamwamba pa galasi. Ine masiku onsewa ndimayesa ndi kothamangitsira udzudzu. Akuti bandulo ili ngati madzi a m'botolo, ukagula umamwa n'kutha, pomwe wayifayi ndi mpopi wa mnzako, bola akupatse chilolezo. Ndiye kuti nthawi yonse ndimabwebweta pa benchi paja, foni inali kalikiliki kututa katundu m'thumba mwangamu. Ndani ananena kuti kulongolola kulibe phindu?

Lachitatu, 11 Juni

Ndagula foni ina kwa Dokotala, yogwirapo kale ntchito, yong'aluka pang'ono pakona. Koma pachitseko ndiye pavuta. Imelo sindiidziwa, pasiwedi sindinaionepo. Anatsegula zonsezo ndi Mzime, ndipo Dokotala akuti khodi yotsegulira kiyi akataika imapita ku nambala ya amene anatsegulayo.

Apa ndiye pali minga. Mzime sindinamuuze kuti foni yafa. Chiikireni maliro wakhala akundipempha, ababa, nditumizireni mawu a amayi. Ine ndimakana. Chinthu ukatumiza ndiye kuti chachoka, si choncho? Ndinatumizapo njinga kwa mlamu wanga, mpaka lero ndikuyenda wapansi. Ndiye nditumize mayi ake a ana kutali kumene amagwira ntchitoko, ine ndizitsala ndi ndani? Chifukwa chakecho sindinamuuze, ndimangoti netiweki yavuta. Analeka kupempha. Ndi mafoni ake omwe anafupika, muli bwanji, mwamwa mankhwala, tsalani bwino.

Dokotala wandibwereka mawu: "Muimbireni, agogo. Chitseko ichi kiyi wake ali kwa mwana."

Lachinayi, 12 Juni

Sindinaimbe. Ndasesa pakhonde, ndakonza mwendo wa tebulo umene sunali wothyoka.

Lachisanu, 13 Juni

Tinaimba tili mushopu, pa foni ya Dokotala, mawu akumveka kwa tonse. Ndinayamba patali monga mwa nthawi zonse, za sopo, za ndowa ija, za thalauza.

"Ababa, fikani pa nkhani. Ndili pa ntchito."

"Foni yamira."

Anafunsa ndi kamawu kakang'ono, "Ndi amayi omwe?"

Dokotala analanda nkhani msanga. Imelo Mzime anaitchula pamtima. Khodi inamufika, anawerenga manambala, Dokotala akutayipa. Kenako anati ndisankhe pasiwedi yatsopano, yaitali, yosakaniza ndi manambala, ndipo ndisauze munthu. "Makamaka Wometa." Mzime anati, "Asisi, mwawapatsa ntchito yoposa msinkhu. Awa chinsinsi chimawayabwa." Muno sindiilemba. Aone.

Chitseko chinatseguka. Zithunzi mbwee, china cha chala changa, china cha denga la kwa Wometa. Pansi penipeni panali kachizindikiro ka mawu. Dokotala anati tsopano tidawuniloda, ndiye kuti kutenga za kuchipinda kuja kubweretsa mufoni muno. Kamzere kanayamba kukwawa, kakaima, kakayenda. Ndaperekezapo mkazi kuchipatala kokachira, koma kudikira kwa lero ndi kwina.

Kenako ndinadzimva ndekha ndikuti, "Tsono mlenje uja anatenga galu wake..."

"Mwanamatu apo, bambo ake a ana. Dzulo munati analibe galu."

Iwowo! Ndi kakuseka kawo kotulukira m'mphuno kaja. Atayamba nyimbo, bambo wina amene amadikira chaja anavula chipewa osadziwa n'komwe kuti akuvulira ndani. Ku foni inayo kumangomveka Mzime akufwenthera.

Itatha anati, "Ababa, chonde."

Ndinati mwana wanga, ndangowapeza kumene, ndiye achokenso? Ndinafotokoza ndi za njinga zomwe.

"Ndiye nkhani yake inali imeneyi? Miyezi yonseyi ine ndimati mwandikwiyira chifukwa ndinachoka msanga pamaliro!"

Zoterozo ine sindinaziganizeko ngakhale tsiku limodzi.

Dokotala anandifunsa, "Agogo, mukasimba nthano kwa Wometa, imachoka m'mutu mwanu?"

Ndinati ayi, koma ikamabwerako imakhala itamera nyanga.

"Iyi simera kanthu. Imapita yonse, imatsalanso yonse."

Anapanga chimene amati linki, kamzere ka zilembo zobiriwira ngati inki. Akuti ndi kanjira kachidule kofikira pa chinthu chimodzi chokha m'chipinda chako, wodutsapo saona zina. Anati ndidine ndekha. Ndinaphonya, ndinadinanso. Kanalira kuti tswi. Mzime anati yafika, bwana akundiyang'ana, n'kudula.

Foni ndinaiika m'thumba la malaya, dzanja pamwamba, mpaka kunyumba. Sindinayese kuitsegula. Dokotala ndi munthu wabwino, koma nayenso mlamu wanga uja ankalankhula bwino.

Loweruka, 14 Juni

Ndadzuka kusanatenthe, ndaika madzi pamoto, ndakhala pa mpando wawo uja wa pafupi ndi zenera. Ndinati chilichonse chichitike. Ndinadina.

"Mwanamatu apo, bambo ake a ana."

Alipo! Ndinawayankha kuti galuyo analipo, mumaiwala ndinu.

Nyimbo ili pakati, foni inanjenjemera. Mzime, ndipo pa vidiyo, nkhope yake yonse mu sikirini, mpango kumutu, akutsuka makapu. Sananene ndi moni yemwe. Anangotembenuza foni kuloza pa shelefu pamene panali kasipika, ndipo m'khitchini mwakemo, kutali konseko, mayi ake amaimba nyimbo yomwe ija.

"Kuyambira m'mawa, ababa. Kachisanu aka."

Ndinati iwe, apumitseko amako, kunonso ali ndi ntchito.

Anaseka, n'kukoka mpando, n'kukhala pansi. "Lero sindipita kulikonse. Tayambani pachiyambi. Koma galuyo mumuchotse."

Madzi anaphwera pamoto.