Chitsulo Chinaperewera pa Masitepe a ku Manda

Innoshima, 3 Julayi

Okondedwa achimwene a Nobuhiro,

Muli bwanji ku Kushiro? Alamu anga a Sachie bondo lija lasiya kuwavuta? Kuno mvula yatikhalira mwezi wathunthu, zovala sizikuuma, koma tikudzuka. Bambo akudya bwino, thupi lilibe vuto. Nkhani ili m'mutu.

Musaike kalatayi pansi chifukwa ndatchula Bambo. Ndimakudziwani inu.

Ngakhale anapuma ntchito, a pamalo okonzera sitima za pamadzi aja amawabweretserabe timapulani ta mapaipi kuti ajambule, mongowalemekeza. Chimene simukudziwa n'chakuti kwa zaka ziwiri ndakhala ndikukonza mapulaniwo mobisa. Akapita kokayenda m'mawa, ndimatenga labala ndi pensulo yawo yomwe, n'kumatengera kalembedwe kawo. Poyamba ankangosokoneza manambala. Kenako anayamba kuiwala mizere yathunthu.

Katatu konse ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Ankandiyankha kuti munthu amene pulani yake sinabwezedwepo alibe chofuna kwa dokotala. Mukuona? Bodza langa lomwe ndilo linkawalimbitsa mtima.

Mwezi wa Meyi anatererera pa masitepe okwera ku manda a Mayi. Sanavulale, koma anati ajambula chitsulo chogwirira, ndipo a kukachisi, oyang'anira mandawo, anavomera. Masitepewo mukuwadziwa: amakwera, kwinaku akupendekera kumanzere, kwinaku akulowa m'phiri.

Mukukumbukira phunziro lija la kamtengo kodyera mpunga? Ankakapendeketsa patebulo n'kutiuza kuti mzere wopendekera kutali ndi iwe ndi wabodza. Ukauona chakutsogolo umafupika, ukauona chapamwamba umafupikanso. Ankati uuzungulize ndi kampasi mpaka ugone chopingasa pamaso pako, pamenepo ndiye uyeze kutalika kwake kwenikweni. Ankatifunanso tisonyeze kadontho pamene mzerewo, utautalikitsa, ukaboole pansi kapena khoma. Iwo ankati ndilo phazi la mzere.

Sindikufuna kutokosa chilonda, koma ndiyenera kunena. Muli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri munayeza mzere pa chithunzi cha kutsogolo osauzunguliza. Bambo anang'amba pepala lanu pamaso pa alendo, n'kunena kuti mwana wawo sangayeze mthunzi m'malo mwa chitsulo. Chaka chotsatira munachoka. Ngakhale pamaliro a Mayi simunalankhulane.

Achimwene, cholakwa chomwecho ndi chimene Bambo anachita pa pulani ya chitsulo chogwirira. Analemba mamita asanu, monga mzere unkaonekera chakutsogolo.

Ndinachiona. Labala inali m'manja mwanga, koma ndinaibweza patebulo. Ndinali nditatopa, ndipo mumtima ndinati chitsulo chiwauze chimene ine sandimvera. Ndinapereka pulaniyo kwa a Kuwahara, mnzawo wowotcherera zitsulo uja, osanena kanthu.

Lachiwiri lapitalo tinakwera atatu kukachimanga. Atachikhazika pa mzati wapansi, kumtunda chinaperewera pafupifupi mkono wathunthu. A Kuwahara, mwa chizolowezi chawo, anaseka kuti mwina mvula yachifupikitsa ngati juzi, kapena Mayi asunthira manda kumtunda pothawa kulongolola kwa amuna awo. Atangoona nkhope ya Bambo anasintha, akuti tepi yawo yoyezera ndi yakale, olakwa ndi iwo. Bambo anawauza kuti asawanyengerere ngati khanda, a Kuwaharawo adula zimene zinalembedwa. Bambo anaimirira pamenepo atagwira nsonga ya chitsulo m'malere, mvula ikuwanyowetsa. Ndinachita manyazi moti sindinathe kuyang'ana mwala wa Mayi.

Titafika kunyumba anatulutsa mapepala a zaka ziwirizi n'kumawaunika pa zenera limodzilimodzi. Pofufutidwa pamaoneka, inu mukudziwa. Anandifunsa kuti ndinayamba liti. Ndinawauza zonse, ndi zoti cholakwa cha chitsulochi ndinachiona n'kukhala chete.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma ayi. Anati woona pulani amene waona cholakwa n'kutseka pakamwa ndi woipa kuposa wojambula wakhungu. Kenako anawonjeza kuti komabe amene anaphunzitsa ana a nyumba ino kuopa kulankhula ndi iwo eni.

Anandiuzanso kuti mzere sufunika kufika pansi kuti udziwe pamene ukaboole, umangoutalikitsa ndi rula. Akuti mzere wa moyo wawo autalikitsa, ndipo phazi lake aliona. Lachisanu tinapita kuchipatala. Dokotala ananena zimene tonse tinkadziwa, kuti kuiwalaku kuzingopitirira.

Tsopano nachi chimene ndalembera. Bambo ajambulanso pulani ija. Yawatengera masiku anayi, ntchito imene kale ankamaliza tiyi asanazizire. Pakona ya pepala pali timabokosi tiwiri ta chidindo chofiira, ka wojambula ndi ka woona ngati zili bwino. Pa mapulani a kunyumba ankadinda monse muwiri okha. Ulendo uno adinda kamodzi, kenako asiya.

Ndinati ndidinde ine. Anakana, akuti dzanja langa ladzaza kale mapepala awo. Anandiuza kuti ndiitumize ku Kushiro, chifukwa mwana wawo uja cholakwa chimenechi amachidziwa bwino, ndipo anamuphunzitsa moipa. Ananena akuyang'ana kukhoma. Mawu akuti pepani sadzatuluka pakamwa pa munthu ameneyu, achimwene, musawadikire. Pepani wawo ndi pepala limene ndapinda m'kalatamu.

A Kuwahara akuti sadula chitsulo china mpaka aone zidindo ziwiri, ngakhale Bambo atawatukwana bwanji. Obon, nthawi yokumbukira makolo omwalira, ili pafupi, ndipo popanda chogwirira Bambo sangakwere kukatsuka mwala wa Mayi.

Ndikupempha, musaibweze pa positi. Bwerani nayo, ndi chidindo chanu m'thumba. Dzulo anandiitana ndi dzina la Mayi kawiri, osazindikira. Lanu akulitchulabe bwinobwino, koma sindikudziwa kuti mpaka liti.

Pulaniyo sindinaikhudze, ngakhale kuiyeza. Ngati ili bwino, mudzadinde iwo akuona. Ngati mupezamo cholakwa, mudzakhale nawo pansi n'kuwasonyeza pang'onopang'ono. Chonde musadzaing'ambe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa mwana wanu Kaho. Mumuuze kuti agogo ake amusungira kampasi yawo yamkuwa. Mayi akuyang'anireni panjira, ndipo mphepo ya kumpoto isakudwalitseni.

Ine mlongo wanu,
Fumie