Mwana wa a Peng, Dzina la a Tao

Lamlungu, 24 Malichi

Kangkang, khanda langa, wagona. Ndilembe msanga.

Lero kunali msonkhano ku kachisi wa makolo. Apongozi aamuna abwerako akumwetulira, chinthu chosowa. Akuti buku la mfunda wa a Peng alilembanso, patatha zaka makumi atatu. Onse obadwa m'zaka zimenezi alowamo. Olemba ndi aphunzitsi a Wenda, opuma ntchito aja. Aziyenda khomo ndi khomo. Zapakamwa sakufuna. Banja lililonse litulutse kabuku kake ka boma, akopere mmenemo.

Ndinali ndi mbale ya mpunga m'manja. Sindinaigwetse, kaya bwanji.

M'kabuku kathu mwana wanga si Peng Shaokang. Ndi Tao Kang. Tao ndi mfunda wa bambo anga. Ndinalemba ndine, ndi dzanja lomweli, miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Pakhomo pano palibe akudziwa. Ngakhale Dehai, mwamuna wanga.

Apongozi aakazi amvekere, “Mdzukulu wanga alowa m'buku asanamere ndi mano omwe!” Ndinaseka nawo. Ine, kuseka!

Lolemba, 25 Malichi

Kabuku ndakasokerera m'chofunda chathonje. Ngati zithandiza.

Ndilembe mmene zinakhalira, mwina mtima ukhala pansi.

Kwathu tinabadwa awiri, akazi okhaokha. Mkulu wanga anakwatiwa kutali. Tsiku lodzandifunsira, Dehai atamwa makapu atatu anagwira bambo paphewa n'kuti, “Mwana wachiwiri adzakhala wanu, bambo, musadandaule.” Onse anaseka. Bambo okha sanaseke.

Woyamba anali Yaya, mtsikana. Wachiwiri uyu, mwamuna. Kuno anapha nkhumba. Alamu anga aakulu ali ndi atsikana awiri, ndiye mdzukulu wamwamuna wa apongozi ndi yekhayu. Za lonjezo lija palibe anatchula.

Dehai anakhala masiku atatu okha, fakitale ya nsapato ku Dongguan sidikira. Anasaina pepala la kubadwa, malo a dzina ali opanda kanthu, poti apongozi anali asanasankhe. Atasankha anandilembera pakapepala kofiira: Peng Shaokang. Kukalembetsa anandiperekeza bambo anga, atabwera ndi mazira. Njira yonse akutsokomola. Sanapemphe kanthu. Akanapempha bwenzi nditakana. Anangonyamula mwana panja, akumuyang'ana ngati katundu wa m'sitolo amene sangamugule.

Pawindo la ofesi yolembetsera ndinapinda kapepala kofiira m'manja. Ndinalemba Tao.

Masiku a katemera ndimapita ndekha. Namwino akaitana kuti “Tao Kang!” ndimayamba ndacheuka, kuona ngati pali wa m'mudzi muno.

Lachitatu, 27 Malichi

Abwera.

Ndinawanamiza aphunzitsi a Wenda kuti kabuku anapita nako Dehai. Munthu wamkulu, wa imvi, ine kumunamiza uku ndikumuthirira tiyi. Anangoti palibe kanthu, anyamata onse abwera tsiku losesa kumanda, otsala adzalembedwa ku kachisi tsiku lomwelo. Lachinayi la sabata yamawa. Masiku asanu ndi atatu.

Anakhalitsa, amakonda kufotokoza. Akuti kholo la a Peng, malinga ndi nthano, linakhala ndi moyo zaka mazana asanu ndi atatu. Akuti a Peng ali mamiliyoni, kuno ku Hunan ukaponya mwala ugenda wa Peng. A Guifang, akazi a alamu anga, amvekere, “Zaka zonsezo mkazi wake ankamuchapirabe? Tsoka lake!” Apongozi aakazi anawatsina.

Kaya chinandilowa n'chiyani. Ndinafunsa kuti nanga a Tao? Anasangalala nalo funsolo. Akuti Tao ndi kuumba, dongo, mbiya. Akuti ena amati kholo lake linali kapitawo wa oumba mbiya za mfumu. Zimenezo bambo anandiuza kale, ngakhale iwowo sanaumbepo ndi kachikho komwe. Koma zinazi sindinkazidziwa. Akuti a Tao alipo oposa mamiliyoni awiri, ku Anhui ndi ku Jiangsu ali mbwee. “Mfunda umenewo sungathe, mwana wanga.”

Mamiliyoni awiri! Ine ndinkayesa tatsala tokha. M'chigwa chathu chonse nyumba ya a Tao ndi imodzi. Ndaba mwana wa eni chifukwa cha dzina loti silikufa n'komwe. Kusaphunzira kumeneku.

A Guifang potuluka: “Lanying, nkhope yachita bwanji ngati mphukira ya nsungwi yofutsa? Kapena uli ndi kena kale?”

Lachisanu, 29 Malichi

Ndinapita kutauni ngati ndikukagula mankhwala a chimfine. Ndinafunsa pawindo lolembetsera lija, ndikunamizira mnzanga. Akuti kusintha mfunda wa mwana n'kotheka, koma makolo onse awiri abwere, asaine. Ndiye Dehai adziwa basi. Njira yozemba palibe.

Komabe ndikasintha, apongozi sangadziwe msanga. Dehai angakwiye, n'kukhululuka. Tingapemphe aphunzitsi atidikire.

Chatsala ndi bambo. Mawa ndipita kukawapempha andimasule. Ndikawauza za mamiliyoni awiri aja.

Mkaka wachepa. Kangkang akuluma bere, akulira.

Lamlungu, 31 Malichi

Ndabwerako. Sindinapemphe.

Basi ola limodzi, kenako wapansi kukwera phiri, mwana kumsana. Mpiru wachita maluwa minda yonse. Bambo aonda, khosi ngati la nkhuku yosotsola. Anandiphikira nyama yowamba ndi tsabola, iwo osadya.

Nditangoyamba kuti, “Bambo, ndabwera ndi nkhani,” anati ndidikire kaye, andionetse chinthu. Kuseri kwa nyumba, pansi pa lona. Mwala wa pamanda awo. Anaugula chaka chino, osema anamaliza sabata yatha. Dzina lawo pakati, tsiku la imfa lokha ndilo palibe. Kumunsi, pamene amalemba otsala osunga manda: ana aakazi, ine ndi mkulu wanga. Ndipo payekha, zilembo zozama: mdzukulu, Tao Kang.

Anagwira kadzanja ka mwana n'kukayendetsa pa zilembozo. “Ona, bwana, ndiwe uyu.”

Ndinayesabe. Ndinati aphunzitsi akuti a Tao ndi mamiliyoni awiri. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. “Mamiliyoni awiriwo adzabwera kudzazula udzu pamanda anga ndi a mayi ako? Ukawauze atenge makasu.”

Kenako anandifunsa nkhani ndinabwera nayo ija. Ndinati ndimafuna mbewu ya nyemba.

Ndabwera ndi nyemba. Zili apo.

Lachiwiri, 2 Epulo

Ndamuuza Dehai. Masana, nthawi yake yopuma, ine ndili kumunda kuti asamve aliyense.

Anayamba ndi nthabwala zake. “Mayi a Yaya, mwandisowa moti simungadikire mawa?” Ndinangonena zonse kamodzi, ngati kusanza. Pafoni ndinkangomva anzake akugogoda mbale.

“Miyezi isanu ndi umodzi,” anatero. “Pa chaka chatsopano ndinamunyamula m'mudzi monse, ndikuti onani Peng wamng'ono. Iwe ukundiyang'ana.”

Ndinati unalonjeza. Sindikanayenera. Anati, “Ndinalonjeza ndi mowa, iwe unalemba uli bwinobwino.” N'zoona.

Ndinati tikasinthe, ndivomera. Koma ndinamuuzanso za mwala. Kaya ndinamuuziranji. Anadula.

Akandithamangitsa, ana atsala. Yaya ndi wa Peng. Kangkang sangamusiye, kaya pepala likuti chiyani. Ndidzakwera phiri lija ndekha.

Lachitatu, 3 Epulo

Dehai wafika masana. Yaya wamugulira nsapato zowala. Mayi ake mafuta opaka m'mawondo. Ine sanandiyang'ane.

M'chipinda anangotambasula dzanja. Ndinamasula ulusi wa chofunda. Anatsegula kabuku, anawerenga tsamba la mwana nthawi yaitali, mawu awiri okha. Anakaika m'thumba la malaya.

Ndinafunsa kuti mawa unena chiyani. Anati, “Iwe ukaime ndi akazi anzako, utseke pakamwa. Umatha bwino zimenezo.”

Lachisanu, 5 Epulo

Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

M'mawa kumanda. Kuzula udzu, kuwotchera akufa ndalama za mapepala, kuphulitsa makombola. Apongozi aamuna anamuweramitsa Kangkang pamanda a agogo, akuti, “Bambo, uyu ndi Shaokang, mzere sunaduke.” Ndinkafuna nthaka indimeze.

Masana ku kachisi. Amuna m'kati, ife akazi okwatiwa kuno pakhomo. Aphunzitsi patebulo ndi magalasi awo. Anaitana nyumba yathu. Dehai anapereka kabuku. Aphunzitsi anawerenga, anavula magalasi, anapukuta, anawerenganso. Anayesa kunong'ona, koma apongozi samva bwino. “Nenani mokweza!” Ndiye ananena mokweza.

Tao Kang.

Akazi onse anatembenukira kwa ine. Ndinatsegula pakamwa, ndikulumbira ndinatsegula.

Dehai anagwada. Pamaso pa mudzi wonse, pamaso pa mayina a makolo. Anati, “Bambo, ndine. Ndinalonjeza apongozi anga tsiku lofunsira, alipo pano amene anamva. Ndinasaina ndekha, ndinamulamula mkazi wanga alembe choncho. Ndinaopa kukuuzani.”

Wina kumbuyo anati, “Wagulitsa mwana ndi kapu ya mowa!” Ena anaseka. Apongozi sanamumenye. Bola akanamumenya. Anangotenga chipewa n'kutuluka, kudutsa pafupi ndi ine, mwana ali kumsana kwanga. Osamuyang'ana.

Ine chilili. Pakamwa ndinatseka.

Aphunzitsi akuti mwana wa mfunda wina salowa m'buku pokhapokha mwini nyumba atanena mmene alembedwere. Akapanda kunena, pansi pa dzina la Dehai palembedwa kuti alibe wolowa m'malo. Buku lipita kosindikiza pa 10.

Loweruka, 6 Epulo

Dehai wapita ndi basi ya m'mawa. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu. Ndinati zikomo. Anati, “Sindinachitire iwe. Mkamwini wolakwa amakhululukidwa, mwana wolakwanso. Mkazi wobwera amapakira.” Kenako anapsompsona mwana pamutu. “Bambo ako ndi wodwala, mwala usiye.”

Apongozi aamuna akudyera kukhonde okha. Kangkang akamawatambasulira manja amayang'ana kumbali. Apongozi aakazi akulira, akutukwana mwana wawo. Ine akundipakulira nyama yambiri, akuti ndavutika kusunga chinsinsi cha chitsiru chawo. Ndikungoitembenuza m'mbale.

Kusitolo anyamata ayamba kumutchula Dehai kuti Tao Dehai.

Sindingathe. Masiku anayi.

Lolemba, 8 Epulo

Ndanena.

Apongozi aamuna anali pabwalo akukonza dengu. Ndinagwada m'matope momwemo. Anati, “Dzukani, anthu aziti ndafa.” Sindinadzuke. Ndinanena zonse, za kapepala kofiira, za pawindo, zoti Dehai wamva Lachiwiri lapitali. Manja awo sanasiye kuluka.

Nditamaliza anati, “Mwana wanga anagwada mudzi wonse ukuona, inu muli chilili pakhomo ngati mlendo.” Ndinati inde. Ndinati ndipita kwa aphunzitsi, ndipita nyumba ndi nyumba, ndikanene kuti ndine.

Apa m'pamene anaika dengu pansi.

“Simupita kulikonse. Ananena m'kachisi, makolo akumva. Mukufuna akhale chitsiru, akhalenso wabodza? Zimene ananena ndi zimene zilembedwe.”

Akuti mwana alowa m'buku, pansi pa Dehai. Pambali alemba kuti anaperekedwa kwa a Tao mwa lonjezo la bambo wake, asunge manda a kuchikazi, koma ana ake adzabwerera kwa a Peng. Akuti akale ankatero. Bambo anga ndikawauze ndekha kuti dzina lawo lapatsidwa m'badwo umodzi.

Ndinafunsa za ine. Anati, “Inu mulera ana. Ndipo nkhaniyi simudzauza munthu, ngakhale apongozi anu aakazi, ngakhale mwanayo akadzakula.” Anatola dengu lawo. Anapita kwa aphunzitsi asanadye.

Ndiye mwana walowa. Ine sindipakira. Ndimayenera kusangalala.

Koma lidzasindikizidwa, nyumba iliyonse ya a Peng idzakhala nalo. Zaka makumi atatu, wotsegula aliyense adzawerenga kuti Dehai anapereka mwana wake yekhayo wamwamuna. Dzina langa lili pambali pake, loyera.

A Guifang abwera posachedwapa ndi malalanje. Sanandinyoze lero. Anandigwira dzanja. “Pepa, mng'ono wanga. Amuna a nyumba ino ndi mbuzi, ine ndinadziwa kale. Iwe ukanatani, atakulamula?”

Ndinagwedeza mutu. Ndinavomera. Ndinasenda lalanje, tinadya.

Kope lino lokha ndilo latsala likudziwa. Yaya ayamba sukulu chaka chamawa, adzatha kuwerenga. Moto uli pachitofu. Mpunga ukangopsa, ndiliponya momwemo.