Yoswa Akubwera Popanda Bokosi

Durban
14 Ogasiti 1996

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi akunyumba. Mwendo uja wasiya kutupa? Nanga amayi akudyako? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Uthenga wa imfa ya mlongo wanga Yoswa munaulandira pa foni ya ku Mishoni, ndipo ndikudziwa kuti mukudikira thupi. Pamene ndinkaimba n'kuti ndili ku Joni, ndisanadziwe zonse. Ndalembera inu osati amayi chifukwa ndinu mwini mbumba, ndipo mawu awa afunika munthu wokawanena atakhala pansi. Amalume, bokosi silibwera. Yoswa anamuwotcha.

Atamwalira kuchipatala, abwana ake a Govenda, amwenye amene ankawasamalira maluwa aja, anandifunafuna osandipeza chifukwa ndinali nditasintha ntchito. Achipatala anawauza kuti mtembo wopanda mwini umakaikidwa m'manda a anthu osadziwika. A Govenda anakana. Anati munthu amene wadya pakhomo pawo zaka zonsezi sangatayidwe choncho, ndiye anamuchitira zimene akanachitira mwana wawo.

Nditafika kuno ku Durban n'kumva zimenezi, pakamwa panga paja mukupadziwa. Ndinawafunsa ngati mlongo wanga anali zinyalala za m'munda. Bamboyo anangogwetsa misozi. Amene anandikhazika pansi ndi amayi awo, gogo wa tsitsi loyera amene Yoswa ankamuthyolera maluwa opempherera m'mawa uliwonse.

Iwowa ndi Ahindu, si Asilamu ngati amwenye ena a ku Zomba. M'nyumba muli kachipinda kopempherera, muli zithunzi zambiri, china cha munthu wa mutu wa njovu. Ndinkayesa kuti ndi milungu yambirimbiri, koma gogoyo akuti Mulungu ndi mmodzi, nkhope zake ndiye zambiri. Ng'ombe sadya, amati ndi mayi chifukwa imayamwitsa anthu. Ndinakumbukira kuti Yoswa, ndi nkhuli yake ija, ankadandaula m'makalata kuti akufa ndi nyemba.

Gogoyo anandifotokozera kuti kwa iwo mzimu sufa. Umatuluka m'thupi n'kukabadwanso kwina, ndipo zabwino kapena zoipa zimene munthu wachita zimamutsatira kumene akabadweko. Moto akuti umathandiza mzimu kuti usakakamire thupi. Yoswa anamusambitsa, anamuveka nsalu yoyera ndi nkhata ya maluwa amene anadzala yekha. Mwambo wotsiriza pa moto amachita mwana wamwamuna kapena mbale, ndipo a Govenda anaima okha pamalo pamenepo. Banja lonse linasala nyama, nyale ya mafuta n'kumayaka pafupi ndi chithunzi chake ngati wafa ndi wawo. Ndinafuna kupitiriza kukwiya, koma ndinasowa pogwira.

Phulusa anasunga mu kamphika kadothi. Mwa mwambo wawo akanakathira m'nyanja kalekale, pakuti amati liyenera kupita ndi madzi kuti mzimu umasuke. Gogoyo ndi amene analetsa. Anati mnyamatayu ali ndi amake, asapite asanatsanzike. Koma tsiku lililonse amandikumbutsa mwaulemu kuti ndisachedwe naye, chifukwa kumusunga n'kumumanga.

Mawu amenewa akundisowetsa mtendere. Kamphikako kali m'kachipinda kamene Yoswa ankagona, momwe ndikukhalanso ine, ndipo ndakakulunga m'chitenje changa cha Mvano. Dzana masana ndikuchapa ndinamva likhweru kuseri kwa mpanda, nyimbo yomwe ija ankaimba popita kudimba kumtsinje wa Domasi. Ndinathamangira komweko manja ali thovu lokhalokha. Ndinapeza payipi yothirira maluwa ili pansi, madzi akutuluka, munthu palibe. Mwina anaiwala ndi ana a pakhomopo, sindikudziwa.

Chiyambire zimenezi, khanda lililonse limene ndakumana nalo m'basi ndimaliyang'ana m'maso kuti mwina ndi iye. Ine Mkhristu wobatizidwa! Ndikuchita mantha, amalume. Iwo akuti wamangika chifukwa sanapite ndi madzi. Ife kwathu timati munthu wosagona m'manda a makolo ake amangoyendayenda. Kulikonse kumene ndatembenukira, Yoswa sanafike.

Pempho langa ndi limodzi. Mukakhale pansi ndi amayi, adzukulu ndi akulu a mpingo, mundilole ndibwere naye kuti akagone pafupi ndi abambo. Ndikudziwa kuti ena adzati phulusa si maliro, ena adzati n'zachikunja, sangaliimbire nyimbo. Abusa muwafunse ngati Mulungu amene adzadzutse abambo, omwe pano ndi dothi lokhalokha, angalephere kudzutsa phulusa. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma sindikuona kusiyana kwake. Mukakana sindidzamuthira m'nyanja ya eni ake, komanso sindikudziwa kuti ndidzalowera naye kuti.

Amayi musawabisire. Asadzaone ine ndikutsika minibasi pa Songani ndi chikwama chokha, iwo maso ali kumsewu kudikira galimoto ya maliro. A Govenda apempha kuti muwauze amayiwo kuti mwana wawo sanapite yekha, anthu anamulira. Gogo uja wawatumizira nsalu yoyera, pakuti kwawo ndiyo ya maliro. Ngati sangailandire ndidzamvetsa.

Mundiyankhe msanga pa adiresi ya a Govenda ili kuseriyi. Mupereke moni kwa amayi, kwa azakhali a ku Malosa, kwa achemwali a Scholastica ndi alamu, ndi kwa ana onse.

Adzukulu muwauze kuti asadzavutike ndi dzenje lalikulu, ndipo matabwa ngati munagula muwasunge. Onyamula sadzafunika. Yoswa yense uja, amene ankawerama polowa m'nyumba ya amayi, ndidzabwera naye pamiyendo panga, monga ndinkamunyamulira ali wakhanda.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Jacinta