Ndinatchula Amuna Atatu Kuti Mwana Atuluke

Aphungu,

Ndili ndi mwana wamkazi wa milungu isanu amene mpaka lero alibe dzina. Timangomutchula kuti “uyu.” Bambo ake akukana kumutcha dzina, ndipo chifukwa chake ndi pakamwa pangapa.

Kwathu ndi ku Machinga, ndili ndi zaka 23. Ndinabwera ku Cape Town mu 2015 kutsatira amuna anga, a Hamdani, amene amagwira ntchito m’shopu yopikulitsa katundu ku Bellville. Timakhala mumkhukhu wamalata ku Wallacedene. Mimbayi inali yanga yoyamba, ndipo kuno ndilibe mayi, ndilibe namkungwi, ndilibe wamkulu aliyense woti n’kundiuza kuti tsikulo limakhala lotani. Zonse zimene ndinkadziwa ndinazimva pafoni kwa azakhali anga, a Binti. Iwo ankati mkazi weniweni salira pochira, ndipo ululu wake umangoposa pang’ono wa kumwezi. Aphungu, azakhaliwo anabereka ana asanu ndi atatu, koma ndikuona ngati anaiwala.

Matenda anandiyamba Lachiwiri m’mawa ndikuchapa. Kuchipatala anamwino amayankhula Chizungu, Chikhosa ndi Chibunu, pomwe ine m’zilankhulo zonsezo ndimangodziwa moni ndi mitengo ya ndiwo. Ndiye anawalowetsa a Hamdani kuti azimasulira. Kumudzi mwamuna sayandikira n’komwe, amadikirira uthenga ali kutali. Awa anawapatsa mpando pafupi ndi mutu wanga.

Ine ndinkayesa ululu ukhala pamimba. Unayambira kumsana n’kumazungulira, ngati munthu akufinya chitenje chonyowa, chitenjecho ndili ine. Umabwera n’kupita, ndipo ukapita m’pomwe ndinkaopa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti wangopita kukaitana anzake. Ndinasanza, miyendo inanjenjemera yokha, ndinaluma pilo wa boma. Zoti mkazi salira zija ndinazisiya cha m’ma 3 koloko masana. Lachitatu m’mawa namwino anandiyeza n’kunena kuti njira idakali pomwe inali dzulo. Anandiika dilipi, ndipo kuchokera apo zinthu zinangoipiraipira.

Pofika masana a Hamdani anagwidwa mantha. Anaimbira azakhali aja n’kuika foni pa sipika. Atamva kuti ndagonera ndi matenda, azakhali sanafunsenso china.

“Amenewo ndi mapinga,” anatero. “Wina mwa inu awiri anayenda kunja mimba ilipo. Mwana sangatuluke mpaka wolakwayo aulule.”

A Hamdani analumbira kuti iwo ayi. Mlandu wawo unathera pomwepo, sunatenge ngakhale mphindi imodzi. Kenako onse anatembenukira kwa ine, mwamuna ndi foni yomwe.

Aphungu, chibadwire sindinadziwepo mwamuna wina. Ndinakana katatu. Kenako kunabwera ululu wina umene sindingathe kuufotokoza, maso anachita mdima, ndipo ndinatsimikiza kuti ndikufa. Pafoni azakhali ankangoti, “Tchula, mwana iwe, ufa naye mwanayo.” Nthawi imeneyo wina akanati ndivomere kuti ndinaba sitima ya ku Kraaifontein, ndikanavomera n’kuuzanso pomwe ndaibisa.

Ndinatchula a Ramazani, oyandikana nawo nyumba, chifukwa ndi amene anatitengera kuchipatala pagalimoto yawo, nkhope yawo inali idakali m’maso. Mwana sanatuluke. Azakhali anati ndiye kuti alipo wina. Ndinatchula a Ackson, osoka nsapato pa renki ya matakisi, bambo a zaka pafupifupi 70 oyendera ndodo. Sanatulukebe. Ndinatchula a Fakihi, amene ankatiphunzitsa ku madrasa kumudzi, omwe anamwalira ine ndili Sitandade 6.

Namwino anafunsa a Hamdani kuti ndikunena chiyani. Iwo anamuyankha kuti, “She is praying, sister.”

Patangopita mphindi makumi awiri mwana anabadwa, wamphamvu, wolira bwino. Azakhali anangoti, “Mwaonatu,” n’kudula foni.

A Hamdani anamuchitira mwanayo azana kukhutu, mawu aja oitanira anthu kumzikiti, monga mwa chipembedzo chathu. Koma tsiku lachisanu ndi chiwiri, loti timumete tsitsi ndi kumutcha dzina, anadzuka n’kupita kuntchito. Akuti za a Ackson ndi a Fakihi akumvetsa kuti unali ululu. Koma a Ramazani ndinawatchula koyamba, ndipo akuti dzina loyamba limachokera mumtima. Sakundimenya, sakundilalatira. Matewera amagula, chakudya amadya, koma sayankhula nane. Akamunyamula mwana amakhala akumuyang’anitsitsa makutu. Pakati pa nyumba yathu ndi ya a Ramazani pali lata limodzi lokha, ndiye nkhaniyi akazi awo anaimva yonse osatuluka panja. Ndi amene ankanditungira madzi kumpopi mimba itakula. Pano moni anasiya.

Sabata yatha amuna anga anandikhazika pansi. “Ungovomera basi,” anatero. “Ndikukhululukira, mwana timutche dzina, tiiwale. Ukapitiriza kukana, mwezi ukatha ukwera basi ya kumudzi.”

Ndatopa, Aphungu. Pomwe anandisoka sipanapole bwino, mwana amayamwa pafupipafupi, ndipo ndimapezeka ndikulira posamba popanda wondiyamba. Amuna anga ndimawakonda, ndipo kubwerera ku Machinga ndi mbiri yotereyi ndikuopa. Kuvomera ndi mawu amodzi okha. Kodi ndingovomera kuti mwana wanga apeze dzina?

Z.H., Wallacedene, Cape Town

Achemwali a Z.H.,

Musavomere. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mwana akalira musanamalize kuwerenga, mukhale mutamva kale chachikulu.

Pepani kwambiri. Tsiku ndi theka la matenda, mimba yoyamba, m’dziko la eni, wopanda mayi pambali, si zamasewera. Ine ndinachirapo katatu. Ulendo wachiwiri ndinawatukwana apongozi anga mpaka mtundu wawo wonse, iwo ali pompo akundipukuta thukuta. M’mawa mwake anandiphikira phala, ndipo nkhaniyo sanaitchulepo mpaka anamwalira. Zoyankhula za m’chipinda chochirira azamba amazitaya pamodzi ndi thonje. Tsoka lanu ndi loti munali mwamuna wa makutu awiri komanso foni ya pa sipika.

Mwana wanu sanatulutsidwe ndi mayina. Mimba yoyamba imakonda kuchedwa. Njira ikaima, dilipi imene amaika nthawi zambiri imakhala ndi mankhwala olimbitsa matenda, n’chifukwa chake ululu unakula pambuyo pake, ndipo n’chifukwa chakenso njira inatseguka. Mukanakhala mukutchula maboma a Malawi kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, mwanayo akanabadwabe nthawi yomweyo, ndipo bwenzi lero amuna anu akuchitira nsanje Ntchisi.

Koma izi asazimve kwa inu kapena kwa ine. Sabata yamawa mukwanitsa milungu isanu ndi umodzi, nthawi yobwerera kuchipatala. Pitani nawo limodzi, mupemphe namwino atsegule fayilo yanu, awafotokozere zimene zinali m’dilipimo ndi nthawi imene anaiika. Mutengenso mayi wina wodziwa Chizungu, a Hamdani akhale womvera chabe, poti kamasuliridwe kawo takaona kale. Muli komweko, onetsani pomwe anakusokanipo, ndipo musabise zoti mukulira posamba. Zimenezo zimachitikira amayi ambiri akangochira, ndipo thandizo lake lilipo. Musazisiye poganiza kuti ndi nkhani ya banjayi yokha.

Ankhoswe anu ali kutali, koma Wallacedene siyosowa akuluakulu a kumudzi. Pitani kwa akazi a shehe wa pamzikiti panu, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine, osachotsapo dzina ngakhale limodzi, kuti iwo ndi amuna awo akukhazikeni pansi nonse awiri. Pabwalo limenelo a Hamdani afunsidwe bwinobwino: ngati akuvomereza kuti wosoka nsapato ndi malemu anatuluka chifukwa cha ululu, ndi mphindi iti imene ululuwo unapita kokapuma kuti inu muyankhule za mumtima? Afunsidwenso kuti akanakhala iwo pabedipo, inu pampando, akanatchula akazi angati. Sindikuwanyoza. Ndi munthu amene anaona zimene bambo ake ndi agogo ake sanazionepo, anachita mantha, ndipo mantha aja asanduka nsanje. Koma mantha awo asalipiridwe ndi inu.

Akakakamirabe, auzeni kuti kuyeza magazi a mwana ndi bambo kulipo mumzinda momwemo ndipo inu ndinu wokonzeka. Muzinene modekha, kamodzi kokha. Makutu a mwana wa milungu isanu amafanana ndi a munthu aliyense.

Kwa akazi a Ramazani mupite nokha, masana, mwana ali kumbuyo. Kumeneko kokha ndi komwe muli ndi chopepesa, chifukwa dzina la mwamuna wawo linalowa m’matope popanda chifukwa. Muyambe ndi a Fakihi pofotokoza. Ngati ndi mayi wochirapo, amvetsa musanamalize. Azakhali anu asiyeni kaye. Anachita zimene nawonso anachitidwa, ndipo simungawasinthe pafoni. Kungoti mimba ikubwerayi, foni idzatsale kunyumba.

Za dzina musadikire kuti mlandu uthe. Mwana akufunika kalata yakubadwa ndi khadi la kusikelo lolembedwa bwino, ndipo dzina ndi lake, si mphoto yoti inu mulandire mukagonja. Akuluakulu aja ayambe ndi nkhani imeneyi.

Chenjezo langa ndi ili. Mukuti kuvomera ndi mawu amodzi, koma mawu amenewo sadzatha. Adzakukhululukirani chinthu chimene simunachite, ndipo chidzatuluka pa mkangano uliwonse, ngakhale wa mchere. Banja la kuseri kwa lata lija lidzasweka chifukwa cha inu. Pabedi paja munanama mukuona imfa, ndipo palibe mayi wochirapo amene angakuweruzeni. Bodza lachiwirili mudzalinena muli bwinobwino, mutakhala pansi, ndipo wodzalisenza ndi mwana wanu tsiku lililonse limene adzafunsidwe kuti bambo ake ndani. Zikakanika zonse, kwerani basiyo mutu uli m’mwamba. Ku Machinga anthu amapita n’kubwerako, koma mukangoti “ndinachita,” kumeneko simudzabwerako.

Aphungu