Ananena Kuti Tcheni Aduka, Anadukadi

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Chililalila, ndipo ndili pa chibwenzi ndi Gershom, amene amagwira ntchito ku bwalo la ndege. Sayendetsa ndege, sipanala sagwiranso. Iye amawerenga zowonongeka: pampu yafa kangati, mabuleki atha ndege itatera kangati. Akaphatikiza zonsezo amauza amakaniko kuti, "Ichi chotsani, chatsala pang'ono," chitsulocho chikugwirabe ntchito bwinobwino.

Atabwera kudzaonekera kwathu, amalume anga a Sailas, omwe ndi ankhoswe, anamuseka kuti, "Ngati ndiwe katswiri, tanena za njinga yangayi." Iye anafunsa kuti tcheni anagula liti, amayenda mtunda wotani, nanga wa anzawo ogwira ntchito ya sitima ku Railways amakhalitsa bwanji. Kenako anati, "Ameneyu aduka mvula isanagwe." Aphungu, anadukadi, amalume akuthamangira ku msonkhano wa Chipani, mpaka ananyuka chigongono.

Pano amalumewo akuti mnyamatayu ali ndi pakamwa poipa, za ukwati aziimika kaye. Mayi akuti mwana wa mpingo wa Reformed salosera. Ine ndimamukonda, koma nanenso zandizunguza mutu. Munthu angadziwe bwanji kuti chitsulo chifa liti, popanda mankhwala?

K.P., Kabwe

Mwana wanga K.P.,

Mayi ako akagula thumba la makala, sadziwa kuti litha liti? Amadziwa, chifukwa matumba ambiri athera m'manja mwawo. Gershom amachita zomwezo, kungoti iye amawerenga mapampu. Njinga ikaduka tcheni umanyuka chigongono, koma ndege ilibe poima kumwamba kuja. N'chifukwa chake amachotseratu chitsulo chisanafe.

Mfiti ayi, koma ulemu unamuperewera. Mlendo wodzapempha mbeta sauza nkhoswe kuti njinga yake yakalamba, anthu akumva. Amalume akowo manyazi ndiwo akuwapweteka kuposa chigongono.

Choncho ankhoswe a Gershom apite kukapepesa, iye atsatire ndi sipanala, aikonze njingayo ndi manja ake. Iwe pempha mkulu wa mpingo amene anagwirapo ntchito yokonza sitima akacheze ndi mayi ako. Ku sitimakonso mabuleki sadikira kuti athe, ndipo mawu a mkulu wa mpingo mayi ako sangawataye. Ukamuona Gershom, umufunse akuonetse mmene amawerengera, chidwi chakocho n'chabwino.

Koma umuchenjeze. Amalume aja ndi anthabwala, akadzakhululuka adzamuyesanso kuti, "Nanga ine ndatsala ndi zaka zingati?" Tsiku limenelo, ngati akukufunadi, adzayang'ane pansi n'kunena kuti sadziwa.