Ndinkawauza kuti muli kumsika

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Sadzi tilipo, ngakhale nyumba yatikulira. Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndipo sindinakulembereni chifukwa panali nkhani imodzi imene ndinkachita nayo manyazi. Lero ndiinena. Koma ndiyambe ndi zimene mukanayamba kufunsa inuyo.

Mdzukulu wanu Tamanda, mwana wanga woyamba uja, anachira mu Febuluwale. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Elube. Watengera makutu a ababa, otambalala aja, moti achimwene a Jemusi akuti ameneyu azidzamva chivomerezi chisanafike. Chimanga chaka chino chatikana, mbozi zinalowa m'munda wakumunsi uja, koma nandolo wabereka bwino. Mtengo wa mapeyala umene munkakaniza kudula unagwa ndi mphepo n'kuphwanya denga la khitchini. Palibe anavulala. Kuphiri nako mitengo yatha, Amayi. Mutakweza maso lero simungakhulupirire kuti ndi phiri lomwe lija.

Ababa atisiya. Mwina mwaonana kale, ndipo mukundiseka kuti ndikukuuzani zakale. Anamwalira milungu isanu yapitayo, ali ndi zaka 94, ndipo tinawagoneka pambali panu monga ankanenera. Kwawo ku Mangalande kunachokera khadi imodzi yokha, ya mwana wa mlongo wawo amene sanawaonepo. Koma kuno anthu anadzaza bwalo. Ena anachokera ku Phalombe ndi ku Machinga, m'midzi momwe ababa ankakoka mawaya ndi kukhoma zitsulo pansi pofufuza pamene pabisala madzi. Bambo wina wachiyao, wokalamba kwambiri, anaimirira n'kunena kuti mjigo umene Che Maganga analoza malo ake sunaphwepo mpaka lero. Ndinali nditaiwala kuti ankawatcha choncho, bambo wa miyala. Ndinakumbuka mmene munkanenera kuti munakwatiwa ndi mzungu womva zolankhula miyala, koma wosamva mkazi wake akamamuitana kuti adzadye.

Tsopano nkhani ija. Inu mutapita ndinatseka nyumba yanga ku Blantyre n'kubwera kudzakhala nawo. Miyezi yoyamba anali bwinobwino. Ankameta ndevu okha, ankatambasula mapu awo akale patebulo, ndipo anyamata a ku ofesi ya za miyala ankabwerabe kudzawafunsa nzeru. Kenako anayamba kuiwala. Tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa tiyi anandifunsa kuti amayi ako ali kuti. Ndinawauza zoona. Amayi, analira ngati uthenga wafika tsiku lomwelo, mpaka tiyi anazizira m'kapu. M'mawa mwake anafunsanso, ndinawauzanso, analiranso chimodzimodzi. Masiku asanu ndi anayi ndinakhala ndikuwabweretsera maliro anu pamodzi ndi tiyi. Tsiku lakhumi ndinawauza kuti mwapita kumsika.

Anangogwedeza mutu, n'kunena kuti ndiye muchedwa, chifukwa simudutsa munthu osam'funsa za kunyumba kwake. Anakokera mpando pakhonde n'kukhala moyang'ana kumsewu. Kuyambira tsiku limenelo, zaka ziwiri zathunthu, inu munali kumsika. Masiku ena ankavala jekete yabuluu ija kuti muwapeze akuoneka bwino. Minibasi ikaima kumsewu ankatukula khosi. Pofika masana amakhala ataiwala kuti akudikira munthu, ndipo ankadya bwino.

Achimwene atabwera kuchokera ku Lilongwe n'kumva zimenezi, anakwiya nane. Anati ndikusandutsa mwana munthu amene anaphunzitsa ntchito anthu ambirimbiri. Anandikumbutsa mawu anu aja, akuti bodza ndi bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi amatsala pamphepo. Ine ndinangowauza kuti mawa tiyi akapereke okha. M'mawa mwake ndili kukhitchini ndinamva ababa akufunsa funso lawo. Kenako ndinamva mawu a achimwene, otsika kwambiri: "Apita kumsika, ababa." Ananyamuka tsiku lomwelo osatsanzika bwino, ndipo tinatha miyezi tikungopatsana moni wa pafoni.

Mu Meyi chaka chino ababa anayamba kuvuta kuti akufuna kukwera kuphiri. Ndinaimbira achimwene, ndipo anabwera ndi galimoto. Tinawatengera ku damu la Mulunguzi, titawafunditsa bulangete m'miyendo chifukwa kunali nkhungu. Achimwene anatsika kukagula masitiroberi kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ife n'kutsala awiri tikuyang'ana madzi. Ndege yaing'ono inadutsa chakumunsi, cha ku tauni. Ababa anaitsatira ndi maso mpaka inabisika, kenako anayamba kulankhula m'Chichewa chawo chokhotakhota chija, koma mutu uli bwinobwino ngati kale.

Mukudziwa kuti ife ana tinkangodziwa zochepa: kuti anayendetsapo ndege pa nkhondo yachiwiri ija, ndi kuti chibwerereni kuno pa sitima ya pamadzi sanakwerenso ndege, ngakhale pamene mayi awo anamwalira. Tikafuna kufunsa munkatiletsa ndi diso. Tsiku limenelo anandiuza okha. Anati anali ndi zaka 21, ndipo m'ndegemo ankakhalamo anthu asanu ndi awiri. Ntchito yawo inali yoponya mabomba m'mizinda. Akayang'ana pansi ankaona moto wokhawokha, ndipo ankadziwa kuti m'nyumba zimenezo munali ana. Ulendo wina ndege yawo inawomberedwa, ndipo mnzawo wokhala kumchira, dzina lake Tomu, anavulala kwambiri. Ankawaitana pa wailesi ya m'makutu kuti afulumire. Anauluka maola awiri akumumva, osatha kusiya chiwongolero kuti akamuone. Pamene ankatera, Tomu anali atasiya kuitana.

Anati nkhani imeneyi anauzapo munthu mmodzi yekha, inuyo, musanakwatirane, kuti mudziwe bwino munthu amene mukufuna kumulola. Akuti munati katundu ameneyo musenzera limodzi, koma ayambe akaonekera kwa amalume anu atavala nsapato zopolisha. Ponena zimenezi anaseka, misozi ikutsika.

Ndinawagwira dzanja. Kenako anati, "Rozi, ndikudziwa kuti amayi ako sali kumsika. Masiku ena ndimadziwa."

Ndinayamba kupepesa, koma anandifinya dzanja kuti ndisiye.

"Usaleke," anatero. "Ukanena choncho ndimakhala ndi m'mawa wabwino."

Achimwene atabwera ndi masitiroberi anatipeza tonse maso ali ofiira. Ababa anadya atatu n'kudandaula kuti ndi owawasa, ndipo tinatsika phiri. M'mawa mwake anandifunsanso funso lija. Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati linali tsiku lodziwa kapena losadziwa, koma sindinathe kuzindikira. Ndinawayankha monga mwa masiku onse.

Anapita Lachiwiri masana. Dzulo lake Tamanda anali atabwera ndi khanda, ndipo ababa analinyamula nthawi yaitali, akulitchula dzina mobwerezabwereza. Sindikudziwa ngati ankaitana mwanayo kapena inu. Lachiwirilo anameta, anavala jekete, anafunsa, ndinayankha, anakhala pakhonde. Nditabwera ndi phala ndinawapeza mutu utaweramira pachifuwa, manja ali pamaondo, nkhope ikadali chakumsewu. Sanavutike, Amayi. Ndinakhala nawo pansi pamenepo kanthawi ndisanaitane aliyense.

Ndiye ndikhululukireni. Munatilera kuti tisamanene bodza, ndipo ine ndinalinena zaka ziwiri, m'dzina lanu, kwa mwamuna wanu. Nditabwereranso m'masiku amenewo ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi, koma ndinafuna kuti mumve kwa ine mwini.

Achimwene ndi ine tayambanso kuchezerana. Iwo ndi amene anasambitsa ababa, ndipo anakana kuti wina awathandize kuwamanga tayi. Abweranso kumapeto kwa mwezi kuti tikonze za chiliza chanu nonse awiri mvula isanayambe. Zimene ndinamva kudamu kuja sindinawauzebe, chifukwa nthawi zonse ndikati ndiyambe, ndimangoyambitsa nkhani ina. Koma nawonso ndi mwana wawo, ndipo katunduyo ndi wolemera kwa munthu mmodzi, inu mukudziwa kuposa ine. Ndikulonjeza kuti ulendo uno ndiwakhazika pansi, ndiwauze zonse, ndi dzina la Tomu lomwe.

Muwapatse moni ababa. Muwauze kuti mapu awo ndawasunga pouma.

Ndine mwana wanu wokukondani nonse awiri,
Rozi